"Kamba amanyera amene wamtola", wolakwa ndi ndani pamenepa?

Nachisale_87: Abale thandizeni. Timaonera vidiyo ya nsomba ija amati boxfish, ya m'matanthwe a pansi pa nyanja ya Indian ndi Pacific, thupi lake ngati kabokosi kolimba gwa, ikakhala yaing'ono imakhala yachikasu ya madontho akuda. Akuti ukaiopseza imatulutsa poizoni pakhungu, mu thanki ya galasi nsomba zinzake zimatha kufa zonse. Ine nkuti eee kamba amanyera amene wamtola, malume nkundidula kuti mwambiwu sumanena zimenezo. Nanga umanena chani?

Chisale wa Kale: Malume anu akunena zoona achemwali. Agogo anga ankaunena akathandiza munthu kenako munthu yemweyo nkuwatembenukira, ankangopukusa mutu nkunena mwambiwo basi osaonjezera kanthu. Ndi za kusayamika.

Mbewe J: Ayi akulu, ine ndikukana. Kamba anakupemphani kuti mumutole? Amayenda zake phee inu nkumunyamula, mantha amugwira, watulutsa zomwe watulutsazo. Nsombayi chimodzimodzi, mamba ake anasanduka timafupa ta makona 6 tolumikizana thupi lonse, kunja kumangotsala pakamwa, maso, zipsepse ndi mchira, thupi silipindika ndiye kuthawa mwaliwiro nkovuta, imangopalasa ndi tizipsepse pang'onopang'ono kufunafuna ndere, tinyongolotsi ndi tinkhono. Chida chake ndi chigoba ndi poizoniyo. Mwambiwu ukuchenjeza wotolayo.

Nachisale_87: Komatu ndamva kuti mu thanki nayonso imatha kufa ndi poizoni wake womwe

Mbewe J: Eya, chifukwa mwaitsekera. Kunyanja madzi ndi ambiri poizoni amasungunuka, mdani amangolawa nkuchoka. Dzina la poizoniyo ndi pahutoxin, kuchokera ku pahu, mmene amaitchulira nsombayi ku Hawaii, amachita thovu ngati sopo ndipo amaphwanya maselo ofiira a magazi a nsomba zina. Wolakwa ndi wotola, ndanena kale.

Gogo wa Tadala: Mayi anga malemu ankatiuza mwambiwu tikamalowerera ndewu za eni ake. Koma ankaunenanso tsiku lina mlendo amene anamusunga atawabera, ndiye kaya, mwina onse awiri muli bwino ana anga.

Chisale wa Kale: A Mbewe mukukakamiza nsomba kulowa m'mwambi. Makolo athu boxfish anaionera kuti? Ndipo ikakula mpaka masentimita 45 chikasu chija chimazilala, nanunso maganizo amenewa adzazilala mukakula kkkk

Mbewe J: Kamba yekha anamuona, ndipo ankadziwa kuti amachita zija chifukwa cha mantha. Anthu a Mercedes-Benz mu 2005 anapanga galimoto potengera thupi la nsombayi poganiza kuti ndi lokhazikika m'madzi, kafukufuku wa 2015 nkupeza kuti thupi lija silikhazikika nkomwe, limangoithandiza kukhota msanga m'mipata ya matanthwe. Anthufe timakonda kutola chinthu nkuchipatsa tanthauzo lathu.

Gogo wa Tadala: Bola inu mukukangana za mwambi. Adzukulu anga ndikati kamba amaganiza kuti ndikunena tokazinga ta m'mapaketi, fulu ndiye sakumudziwa nkomwe, chilichonse ndi "bho bho" basi.

Chisale wa Kale: Wanga anandifunsa kuti mwambi ndi app yanji

Mbewe J: Zoona zimenezo, komabe funso langa simunayankhe akulu, kamba uja anapempha ndani kuti amutole?