Ndi kuti komwe ndingakawaonetse ana a sukulu mbiri ya Mzuzu komanso za usodzi?

Mphunzitsi wa ku Chibavi:
Anzanga, ndimaphunzitsa Sitandade 6. Ndikufuna kutenga ana akaone mbiri ya mzinda wathu komanso za usodzi. Zongoyang'ana pagalasi sachedwa nazo kutopa, amafuna kugwira ndi manja. Ndiyambire pati?

Mayi a ku Katoto:
Aphunzitsi, yambani ndi myuziyamu ya mu Mzuzu momwemu. Ndi yaing'ono, koma muli zida zakale za Atumbuka, Atonga ndi Angoni. Mukawauzenso kuti tauniyi inakula chifukwa cha esiteti ya mitengo ya tung (yomwe njere zake zimatulutsa mafuta), ndipo inakhala mzinda mu 1985.

Mnyamata wa ku Chintheche:
Za nsomba ndiye tsikani nawo ku Nkhata Bay m'bandakucha, mabwato akamafika ndi usipa. Asodzi akawaonetsa ukonde wa chilimira, nyali zokopera usipa usiku, ndi mathandala oyanikapo. Koma mukauze akomiti ya pagombe pasadakhale, ndipo ana asayandikire madzi okha.

Bambo a ku Luwinga:
Myuziyamu ya za nyanja yeniyeni ili ku Mangochi, yofotokoza za sitima ya Guendolen ya nkhondo ya 1914. Kutalika kokha! Ndalama ya basi makolo sangaikwanitse.