Thandizeni, driver wanga wa Ethernet akugwetsa kernel

Membala wosadziwika: Abale anga ndithandizeni chonde. Ndikulemba driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) wa Ethernet (netiweki ya waya) pa Linux, wa kabodi kena komwe abwana anagula osatifunsa, ndipo akufuna zonse zithe Lachisanu. Amene anayamba ntchitoyi anachoka osasiya ngakhale kapepala. Magetsi nawo akungothimathima, laputopu batire inafa kalekale. Ma packet akulowa ndithu, koma liwiro ndi lomvetsa chisoni, ndipo nthawi zina kernel (mtima wa Linux) imagwa n'kulemba za alignment (kuti deta sinayambire pa adilesi yoyenera mu memory). Tulo sindikuona. Nditani?

Mkulu wa Maseva: Ana a masiku ano! Alignment ndi nkhani yamakedzana. Pa mapurosesa a x86 NET_IP_ALIGN (ma byte amene Linux imasiya kutsogolo kwa packet) ndi 0, ndipo maseva anga sanadandaulepo. Gulani makina enieni basi.

Mayi Firmware: Achimwene, purosesa yake ndi iti? Simunanene. Header (chigawo choyambirira cha packet) wa Ethernet ndi ma byte 14, ndiye header wa IP amayambira pa adilesi yosagawika ndi 4. x86 imawerenga choncho popanda vuto, koma mapurosesa akale a ARM ndi a MIPS amapunthwa, kernel n'kumataya nthawi kukonza. N'chifukwa chake timasiya ma byte 2 kutsogolo ndi skb_reserve, kapena kungoitana netdev_alloc_skb_ip_align, kuti header wa IP ayambire pa byte 16, nambala yogawika ndi 4.

Mkulu wa Maseva: Mayi, ma byte 2 anuwo amachedwetsa DMA, njira yomwe chip imalembera deta mu memory mwachindunji. N'chifukwa chake pa mapurosesa a PowerPC a 64-bit napo anaika 0. Muziyamba mwawerenga musanaphunzitse anthu.

Mayi Firmware: Pa makina anuwo ndi zoona, bambo. Koma ndani wakuuzani kuti mnzathuyu ali pa x86?

Wa BSD: Mavuto a Linux awa. Bwerani ku FreeBSD, operating system ina yofanana ndi Linux, mupume.

Mkulu wa Maseva: Ku FreeBSD kwanuko kuli ETHER_ALIGN, ndipo ndi 2 yemweyo. Musatinamize pano.

Wa Marauta: Ine zinandionekera. DMA ya chip china inkafuna adilesi yogawika ndi 4 basi. Titasiya ma byte 2, ma packet onse anasokonekera, mpaka tinachita kukopera iliyonse mu buffer ina. Kasitomala sanatilipire mpaka lero, ndipo galimoto ndinagulitsa chaka chomwecho. Onani datasheet, ma chip ena amaika okha ma byte 2 aja, monga bit ya SHIFT16 pa FEC, gawo la Ethernet la chip ya i.MX6.

Kanthabwala: Ofunika alignment ndi abwana anuwo 😂

Aphunzitsi: Kufunsa popanda log kuli ngati kufika kuchipatala osanena pomwe pakupweteka. Ngati ndi ARM ya 32-bit, tumizani zomwe zili mu /proc/cpu/alignment tione manambala.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Abwana aimbanso foni, akuti tionjezere VLAN (kugawa netiweki imodzi m'magulu), koma za malipiro a mwezi watha sakunenapo kanthu. Mutu waima.

Mayi Firmware: VLAN imaonjezera ma byte 4, header n'kukhala 18, choncho ma byte 2 aja akufunikabe. Koma chonde, purosesa ndi iti?

Mkulu wa Maseva: Iliyonse, aitaye. Ndanena kale.