Kodi mawu akuti "nkhondo ya chiwaya" anachokera kuti?

Mayi Tembo, Chilenje:
Lamlungu lokumbukira asilikali mu Novembala tinadutsa pa Cenotaph, chipilala chokumbukira asilikali, mumsewu wa Independence ku Lusaka, ndipo amalume anga anati nkhata za maluwa zija zimakumbutsanso anthu a nkhondo ya chiwaya. Mwana wanga anaseka poganiza za chimanga chokazinga, amalumewo n'kumudzudzula kwambiri. Akuluakulu, chiwaya chimenechi n'chiyani?

A Zulu, Matero:
Agogo anga aakazi a kwa Mpezeni sankadziwa dzina lina la nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Ankasimba kuti amuna ankatengedwa mokakamizidwa ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, kukakhala amtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo ulendo wapansi mpaka kumalire a dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi, osaona n'komwe mdani. Amene anabwerako ankanena za mfuti yolira mosapumira ngati chimanga chothetheka m'phale. Mfuti imeneyo ndiyo chiwaya.

A Banda, Kabwata:
Pepani a Zulu, ine ndikuona kuti gwero lake ndi waya. Asilikali ankatchinga malinga awo ndi waya waminga, ndipo waya wamkulu pa Chichewa ndi chiwaya.

Mayi Mbewe, Libala:
Kwathu ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, agogo ankati bambo awo anamva chiwaya ku Karonga mu Seputembala 1914, Ajeremani ataukira bomalo. Waya samveka m'makutu, a Banda. Agogowo akafika pamenepa ankaleka kusinja, n'kukhala chete nthawi yaitali.

A Banda, Kabwata:
Mayi, lamya nayonso inkayenda pa waya, ndipo uthenga woti nkhondo yatha unapeza von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Ajeremani, pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala 1918, asanakapereke zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala. Ndikuumirirabe pa waya.

A Zulu, Matero:
Masiku mwatchulawo ndi oona, koma sakuikira umboni maganizo anu. Chondiwawa ine n'chakuti achinyamata athu amakwera minibasi mumsewu wa Burma tsiku ndi tsiku, amadutsa pa Arakan Barracks, osadziwa kuti mayinawa ndi a malo amene asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenyako nkhondo ndi Ajapani pa nkhondo yachiwiri. Ukawauza za mtengatenga amaganiza za galimoto zonyamula katundu basi.

Mayi Mbewe, Libala:
Chinyanja chawo chadzaza Chingerezi ndi Chibemba, moti mawu a agogo akuwamva ngati chilankhulo chachilendo. Komabe ifenso makolo sitiwakhazika pansi kuwasimbira.

A Banda, Kabwata:
Pa za ana ndikuvomereza ndi mtima wonse. Pa za mfuti, munthu andiuze kaye dzina limene phale lachitsulo lokazingira, limene lero timati chiwaya, linali nalo chaka cha 1914 chisanafike.