Ndiyambire pati kukwera phiri la Zomba pofuna kulimbitsa thupi?

Akuluakulu, ndikupempha malangizo kwa inu amene munazolowera kukwera mapiri. Ndimakhala konkuno ku Zomba, ntchito yanga ndi ya mu ofesi yongokhala pampando tsiku lonse, ndipo ndaganiza zoyamba kukwera phiri Loweruka lililonse kuti thupi lilimbe.

Funso langa lalikulu ndi la njira. Ambiri amatchula Potato Path, yochokera m'tauni kukatulukira pamwamba kufupi ndi hotelo ya Ku Chawe, koma akuti chitunda chake n'chowawa moti wosazolowera amakafika mawondo akunjenjemera. Kodi sikungakhale kwanzeru kuti poyamba ndizikwera galimoto mpaka pamwamba, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa damu la Mulunguzi mpaka ku mathithi a Williams, kenako miyendo ikazolowera ndidzayese kukafika kumalo oonerapo patali a Emperor's View kapena kudzenje lakuya la Chingwe's Hole? Popeza nsonga za phirili zimapitirira mamita 2,000, kodi woyamba kumene savutika kupuma? Za nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, ya mamita 3,002, sindikuziganizira n'komwe pakadali pano.

Ndikufunanso kudziwa ngati nsapato za pa kaunjika zokhala ndi mphira wokhakhala kunsi zingakwanire, makamaka m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene njira zimaterera. Nanga mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabweretsa nkhungu, kodi munthu angayende yekha osasochera, kapena ndi bwino kulemba woperekeza wodziwa njira? Ngati ndi choncho, amapezeka kuti ndipo mumawalipira motani?