Za nkhuku zomwe zinafa zitalandira katemera wa chitopa

Tiyankhe funso la mayi ena amene chitopa chinawathera nkhuku zomwe amalipirira ana fizi. Atiuza kuti anatemera zotsalazo, komabe zina zafa, ndipo akufunsa chifukwa chake.

Mayi, nthawi zambiri vuto limakhala nthawi yomwe mwatemera. Katemera wa chitopa wodontheza m'diso, wotchedwa I-2, sachiza, amangoteteza, ndipo chitetezo chimayamba pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Nkhuku yomwe yayamba kale kuodzera, kugwetsa mapiko ndi kutsekula zobiriwira, dontho silingaipulumutse.

Chachiwiri ndi kutentha. Kabotolo ka katemera kakakhala padzuwa kapena m'thumba la malaya tsiku lonse, mphamvu yatha. Kakulungeni m'kansalu konyowa, muike m'dengu pamthunzi, ndipo mukatsegula kathe m'masiku awiri. Dontho limodzi m'diso limodzi, kaya ndi tambala kaya mwanapiye, ndipo muigwire mpaka iphethire. Bwerezani miyezi inayi iliyonse.

Zakufazo kwirirani m'dzenje lakuya, nthenga ndi matumbo omwe. Agalu ndi amene amazikokera kwa aneba. Khola lisesedwe, likhale mwezi lopanda nkhuku. Zogula kumsika zikhale pazokha masabata awiri musanazisakanize ndi zanu.