Kodi Ayuda amawakonza bwanji achinyamata awo kuti adzatsogolere?

WakuJoni:

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwezi wa Disembala uliwonse magulu a achinyamata a Chiyuda kuno ku South Africa amatenga ana mazanamazana kupita nawo kumisasa kufupi ndi nyanja kwa milungu pafupifupi itatu. Chondidabwitsa n'chakuti oyendetsa misasayo ndi anyamata ndi atsikana a zaka zongopitirira 18, ambiri akadali payunivesite. Kodi amawakonza bwanji kuti afike posenza katundu wotere? Ndikufuna ndondomeko yeniyeni: amayamba pa msinkhu wanji, amaphunzira chiyani, akuluakulu amalowererapo pati, komanso zimasokonekera pati.

Mlangizi77:

Achimwene, chimene mukuonacho chili ndi zaka pafupifupi 100. Gulu la Habonim linayamba ku London mu 1929 ndi Wellesley Aron, ndipo Norman Lourie analibweretsa ku Johannesburg mu 1930. Pano limatchedwa Habonim Dror, ndipo msasa wake uli ku Onrus kufupi ndi Hermanus. Bnei Akiva, gulu losunga kwambiri malamulo a chipembedzo, linayamba ku Yerusalemu mu 1929 momwemo, ndipo kuno limapita ku Mossel Bay. Palinso Netzer, la Ayuda a mbali ya Progressive, amene saumirira kwambiri malamulo akale a chipembedzo. Magulu amenewa amasiyana kwambiri pa chikhulupiriro ndi pa ndale, koma makwerero a utsogoleri ndi ofanana.

Mwana amalowa ali ndi zaka 8 kapena 9. Amatchedwa chanich, ndiye kuti wophunzitsidwa, ndipo amaikidwa m'gulu la anzake obadwa chaka chimodzi, lotchedwa shichva. Gulu limeneli limakwera limodzi chaka ndi chaka, silisakanizidwa. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa wachinyamata wa zaka 17 sabwerera kudzagwira ntchito yopanda malipiro chifukwa chokonda mfundo za gulu ayi, amabwerera chifukwa anzake amene wagona nawo tenti imodzi kwa zaka zisanu ndi zitatu akubwereranso.

Wowayang'anira amatchedwa madrich, akakhala wamkazi madricha. Mawuwa amachokera ku liwu la Chiheberi lotanthauza njira, choncho madrich ndi wolozera njira, si mphunzitsi wa choko m'manja. Amaposa ana ake ndi zaka zochepa chabe. Kusiyana kumeneku n'kwadala. Akakhala wamkulu kwambiri, mwana amamuona ngati kholo ndipo saganiza kuti iyenso angadzafike pamenepo. Akakhala wa msinkhu womwewo, samumvera.

Pa zaka 16 kapena 17 ndi pamene amalowa maphunziro a hadracha, luso lotsogolera. Chachikulu chimene amaphunzira ndi kulemba ndi kuyendetsa peula, chochitika chophunzitsa cha ola limodzi kapena ola ndi theka. Peula yabwino imayamba ndi cholinga cholembedwa m'chiganizo chimodzi: ana akamachoka pano akhale akudzifunsa chiyani? Kenako pamabwera masewera otsegulira a mphindi khumi, ndiye chinthu chodzutsa mtima monga kasewero, chithunzi kapena mlandu wongopeka woti auweruze. Gawo lalitali ndi kukambirana m'timagulu ta anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, ndipo pomaliza pali sikkum, mphindi zisanu kapena khumi zomanga mfundo. Pepalalo limasonyezanso zipangizo zofunika, amene alankhule pa gawo lililonse, ndi chochita mvula ikagwa. Mtsogoleri wa shichva, amene amatchedwa rosh, amaliwerenga lisanagwiritsidwe ntchito.

Atsopano amalakwitsa malo awiri. Amayamba ndi masewera amene awasangalatsa n'kumafunafuna phunziro loti alimatepo, ndiye ana amaseka koma satolapo kanthu. Kapena amalankhula okha theka la ola chifukwa choopa chete. Amaphunzitsidwa kufunsa funso lopanda yankho limodzi, n'kudikira ngakhale masekondi khumi osadziyankha okha.

Pamwamba pa zonsezi pali mfundo ya dugma ishit, chitsanzo cha iwe mwini. Madrich wouza ana kuti atsuke mbale iye atakhala pansi wagwetsa kale phunziro lake.

MayiWaMisasa:

Bambo Mlangizi afotokoza bwino makwerero. Ine ndiwonjezere za msasa weniweniwo, chifukwa ndi pamene wachinyamata amayesedwa.

Kukonzekera kumayamba chaka chikangoyamba. Gulu limasankha rosh machaneh, mkulu wa msasa, pamodzi ndi omuthandiza: wa maphunziro, wa chuma, wa zipangizo ndi mayendedwe, ndi wa umoyo wa ana. Onsewa ndi achinyamata. Amalemba bajeti, amakambirana ndi eni mabasi, amayankha makolo odandaula. Sabata yomaliza ana asanafike, alangizi onse amakhala kale pamalopo kukhoma matenti, kuyeserera mapeula awo pamaso pa anzawo, ndi kuyeserera chochita moto ukabuka kapena mwana akasowa.

Pali ntchito zina za Chiyuda zimene zimaumiriza wachinyamata kuganiza za mawa. Khitchini ya kosher, yotsata malamulo a Chiyuda a zakudya, siisakaniza nyama ndi mkaka, ndiye miphika, mipeni ndi mbale zimakhala za magulu awiri, zolembedwa mitundu yosiyana, ndipo pamakhala woyang'anira wotchedwa mashgiach. Supuni imodzi ikalowa mumphika wolakwika, chakudya cha anthu ambiri chikhoza kuimitsidwa mpaka afunse rabi, mphunzitsi wa malamulo a Chiyuda. Sabata nalo limayamba dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka nyenyezi zitaoneka Loweruka usiku. Kumsasa wosunga malamulo, nthawi yonseyi saphika, salemba, sagwira foni, choncho chakudya, magetsi, mapepala a maphunziro ndi ndandanda ya olondera usiku ziyenera kukhala zitatha Lachisanu masana. Lamulo la pikuach nefesh limati kupulumutsa moyo kumaposa Sabata, ndiye mlangizi aliyense amauzidwa momveka kuti mwana akadwala mwakayakaya aimbe foni osayamba wafunsa. Izi zimanenedwa mobwereza chifukwa wachinyamata wopembedza kwambiri akhoza kuzengereza.

Akuluakulu alipo, koma malo awo ndi odziwika. Pamakhala dokotala kapena namwino, mlangizi wa maganizo, achitetezo, ndiponso nthawi zambiri shaliach, nthumwi yochokera ku Israel imene imakhala ndi gululo zaka ziwiri kapena zitatu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zinthu zinayi saziika m'manja mwa wachinyamata yekha: mankhwala, nkhani ya nkhanza kwa mwana, kusambira m'nyanja, ndi kusaina ndalama zazikulu. Zina zonse amamusiya alakwitse, akonze yekha.

Pa chitetezo cha ana musachite chibwana. Ku South Africa wogwira ntchito ndi ana amafufuzidwa m'kaundula wa Children's Act ya 2005 ndi m'kaundula wa olakwira malamulo a zogonana, pamene ku England ndi ku Wales ndi chiphaso cha DBS, chosonyeza ngati munthu anapalamulapo mlandu. Bungwe la NSPCC, loteteza ana ku Britain, limalangiza wamkulu mmodzi pa ana asanu ndi atatu a zaka 9 mpaka 12, ndi mmodzi pa khumi a zaka 13 mpaka 18. Mlangizi wosakwana zaka 18 musamuwerenge m'chiwerengero chimenechi, iyenso ndi mwana pamaso pa lamulo. Mlangizi asakhale yekha ndi mwana m'tenti, ndipo mwana akaulula za nkhanza asalonjezedwe kuti zikhala chinsinsi.

Chimene chimagwetsa alangizi kwambiri ndi tulo. Ana akagona, iwo amakhala pamsonkhano wounika tsiku mpaka usiku kwambiri, m'mawa n'kudzuka oyamba. Pofika tsiku lakhumi mikangano yayamba, ndipo ngozi zambiri zimachitika munthu atatopa. Mankhwala ake ndi kuika malire a mphindi 45 pa msonkhano wausiku, kusinthana kulondera, ndi kupatsa aliyense theka la tsiku lopuma pa sabata, lolembedwa pandandanda msasa usanayambe. Mukati adzapuma mpata ukapezeka, mpatawo supezeka.

WakuJoni:

Zikomo kwambiri Mayi ndi Bambo. Nanga akamaliza zaka za msasazi amapita kuti? Kodi amangolowa m'makomiti a masunagoge?

Kalembera:

Ayi achimwene, ndipo funso lanulo lakhudza pachilonda.

Akamaliza sekondale, ena amapita ku Israel chaka chathunthu, chotchedwa shnat hachshara, chaka chokonzekera. Ambiri amadutsa ku Machon L'Madrichei Chutz La'Aretz ku Yerusalemu, sukulu ya alangizi ochokera kunja imene inatsegulidwa mu 1946. Pamakhala mgwirizano woti akabwerako atumikire gulu kwa zaka zingapo. Ali payunivesite amatchedwa bogrim, omaliza, ndipo ndiwo amavota pa msonkhano waukulu wa gulu, kusintha malamulo ake ndi kusankha mazkir, mlembi wamkulu, amene amagwira ntchitoyo chaka chimodzi kapena ziwiri. Ena amalowera ku SAUJS, bungwe la ophunzira a Chiyuda m'mayunivesite a kuno.

Pa zaka 23 kapena 24 makwerero amatha. Munthu amene dzulo amayendetsa bajeti ya msasa wonse akafika kusunagoge amapatsidwa ntchito yoyala mipando kapena yosamala tsamba la Facebook. Mipando ya mphamvu ili ndi anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo, kawirikawiri amene amapereka ndalama zambiri. Wachinyamatayo amakhala chaka, n'kuona kuti mawu ake sasintha kanthu, n'kuzimiririka. Kuno vutoli limakula ndi kusamuka. Ayuda a ku South Africa anali pafupifupi 118,000 mu 1970, koma kafukufuku wa 2019 anapeza pafupifupi 52,000. Ophunzitsidwa bwino ndi amene amapeza msanga njira ya ku Israel, Sydney, London kapena Toronto.

Pali njira zimene zayesedwa kutseka mpatawu. Moishe House, imene inayamba ku California mu 2006, imathandiza achinyamata atatu mpaka asanu okhala nyumba imodzi kulipira gawo la lendi, iwo n'kumakonza zochitika zingapo pa mwezi za anzawo, monga chakudya cha Sabata ndi maphunziro. Limmud, msonkhano wa maphunziro umene unayamba ku Britain mu 1980 ndipo umachitikanso kuno, umayendetsedwa ndi odzipereka, ndipo wa zaka 25 akhoza kutsogolera gawo lonse. Ubwino wa ziwirizi ndi woti munthu amapatsidwa chinthu chake chenicheni choti chikhoza kulephera.

Komiti yofuna kusunga achinyamata ichite izi. Ilowetse awiri kapena atatu nthawi imodzi, osati mmodzi, chifukwa mmodzi pakati pa akuluakulu khumi amangokhala duwa la patebulo. Akhale ndi voti yonse. Aliyense apatsidwe gawo lokhala ndi ndalama zake. Wina wodziwa akhale naye pansi ola limodzi msonkhano woyamba usanachitike, amuwerengere lipoti la chuma mzere ndi mzere, chifukwa ambiri amakhala chete pa nkhani ya ndalama osati posowa nzeru koma posadziwa kuwerenga mapepalawo. Ndipo malamulo a bungwe aike malire, mwachitsanzo zigawo ziwiri za zaka zitatu, apo ayi mpando sudzapezeka. Aphunzitsi ambiri a Chiyuda akamaphunzitsa izi amatchula Numeri 27, pamene Mose anasanjika manja pa Yoswa pamaso pa khamu lonse iye akadali moyo.

Nyenyezi_ya_Kummwera:

Ndikugwirizana ndi Akulu Kalembera, koma tisawayamikire magulu a achinyamatawa mopitirira. Nawonso ali ndi matenda awo.

Loyamba, atsogoleri amasintha chaka ndi chaka, ndiye nzeru imatuluka pakhomo pamodzi ndi munthu. Cholakwa cha pa mayendedwe a mabasi chimene chinachitika zaka zitatu zapitazo chimabwereranso chifukwa palibe anachilemba. Maguluwa ali ndi njira yopewera izi yotchedwa chafifa, nthawi imene wotuluka ndi wolowa amagwira ntchito limodzi. Ikakhala ya masiku awiri ndi yachabe. Imafunika mwezi, ndi fayilo yokhala ndi bajeti yeniyeni ya chaka chatha, manambala a ogulitsa katundu, kalendala ya nthawi yolipira chilichonse, ndi tsamba la zimene zinavuta.

Lachiwiri ndi ndalama. Msasa wa milungu itatu ndi chaka cha ku Israel n'zodula. Thandizo lilipo, koma banja lochita manyazi silipempha, ndiye utsogoleri umatsalira kwa ana a opeza bwino, makamaka a m'sukulu za Chiyuda monga King David ku Johannesburg ndi Herzlia ku Cape Town. Mwana wa sukulu ya boma, kapena wa m'tauni yaing'ono kumene ngakhale amuna khumi ofunika pa pemphero la pagulu, otchedwa minyan, sakwana, amafika mochedwa n'kupeza anzake anagwirizana kalekale. Fomu yopempha thandizo iziperekedwa kwa aliyense pamodzi ndi fomu yolembetsa, ndipo aziiona anthu awiri okha.

Lachitatu, osankha amakopeka ndi waphokoso, woimba nyimbo pamwamba pa tebulo. Msasa umamufunadi ameneyo, koma umafunanso amene amazindikira kuti mwana uja sanadye kawiri. Posankha rosh, funsani alangizi amene anagwira naye ntchito ndiponso yang'anani ngati ana ake anabwereranso chaka chotsatira.

Ndipo ulendo pawokha supanga mtsogoleri. Birthright, imene inayamba mu 1999, imatengera achinyamata ku Israel kwa masiku khumi, ndipo imadzutsa mtima ndithu, koma cholinga chake si hadracha. Yerekezani ndi Diller Teen Fellows, imene ili ku Johannesburg ndi ku Cape Town: kagulu ka achinyamata pafupifupi 20 kamakumana chaka chonse, ndipo amayenera kukonza ntchito yawoyawo yothandiza anthu. Aliyense wobwera kuulendo apatsidwe ntchito yokhala ndi tsiku lomaliza pasanathe milungu iwiri, mtima usanazizire.

MayiWaMisasa:

Achemwali anena zoona pa chafifa. Ndiwonjezere kuti fayiloyo isayembekeze kutha kwa chaka. Tsiku lotseka msasa, mabasi a ana atanyamuka, alangizi asanagwetse matenti awo, aliyense alembe zinthu zitatu zoti zisungidwe ndi zitatu zoti zisinthe pa gawo lake. Mukadikira mpaka Febuluwale amakhala atabwerera kuyunivesite, ndipo amangokumbukira nyimbo za pamoto.