Mlongo wanga ali ku Mexico akuti anachezera kumanda, kodi n'zachikatolikadi?

Mnyamata wa ku Kapata:
Abale, ndithandizeni. Mlongo wanga ndi sisitere, ali ku Pátzcuaro. Watumiza zithunzi pa WhatsApp ali kumanda usiku, makandulo ali ngwee, manda atakutidwa ndi maluwa achikasu, buledi ndi zipatso zili m'madengu. Akuti anapita pa bwato ku chilumba cha Janitzio. Amama ataona anangoti "mwana wanga walowa zamizimu", nsima sanadye. Ndiwauze chiyani?

Amake Tiwonge:
Auzeni amama mtima ukhale pansi. Imeneyo ndi Día de Muertos, kutanthauza Tsiku la Omwalira. Pa 1 Novembala amakumbukira ana amene anamwalira, pa 2 akuluakulu. Pa 2 pomwepo nafenso timakhala ndi Misa ya mizimu ya omwalira, kungoti a ku Mexico anaphatikizapo miyambo ya makolo awo. Amakonza chakudya chimene malemu ankakonda, n'kuchezera naye usiku wonse ngati wabwera kudzacheza.

Wa ku Katete:
Tikudabwa chiyani ife? Agogo ankathira ufa patsinde pa msolo, Lamulungu ali kutsogolo m'tchalitchi. Kwathu kumanda sitipitako wamba, n'chifukwa amama aopa.

Mnyamata wa ku Kapata:
Zikomo amayi. Akutinso pa 12 Disembala kuli chikondwerero cha Maria wa ku Guadalupe, chimenecho amama achikondwerera. Chomwe akudandaula mlongo wangayo ndi nsima. Chimanga chili mbwee, koma amachiphika ndi laimu n'kupanga tortilla, tibuledi taphwatalala.

Wa ku Katete:
Mutumizireni mthiko basi.